Mbava ikasanduka nyimbo: kuchokera ku London kufika ku chigwa cha Luangwa

Pa 16 Novembala 1724, mumzinda wa London ananyonga mnyamata wa zaka 22 dzina lake Jack Sheppard. Mlandu wake unali wakuba. Anthu amene anakhamukira ku Tyburn kukaonerera akuti anafika 200,000, pa nthawi imene mzinda wonsewo unali usanakwane n'komwe anthu miliyoni imodzi. Pasanathe masabata awiri, nyumba ya zisudzo ya Drury Lane inali itakonza kale sewero la moyo wake, lovina ndi lodumphadumpha, lotchedwa Harlequin Sheppard. Manda asanaume, munthu anali atasanduka kale chosangalatsa cha madzulo.

Nkhaniyi ingaoneke yakutali kwa munthu amene akuwerenga ali pa khonde la sitolo ku Petauke boma, kapena podikira basi pakati pa amayi ogulitsa nthochi ku Nyimba. Koma aliyense amene anaonerapo mpikisano wa zisudzo za ana a sukulu kuno kum'mawa akudziwa amene amawomberedwa m'manja kwambiri. Ndi kawalala. Mnyamata amalowa chonyang'ama, thumba la feteleza lili paphewa, nkhope atadetsa ndi makala. Amaima kaye, kuyang'ana uku ndi uku, mwendo umodzi uli m'mwamba. Mnzake kuseri kwa chitenje chotchingira amalira ngati tambala wotsekeredwa m'thumba, ndipo bwalo lonse limafa nacho chiseko. Wapolisi womuthamangitsa amakhala atam'pakira nsanza pamimba, chipewa chikumugwera m'maso, ndipo amapunthwa pamene mbava yadumpha. Komatu ambiri mwa oseka aja kwawo khola linagumulidwapo usiku, ng'ombe zolimira n'kupita osabwerako.

Sewero loseketsa ndi loimba lonena za chigawenga chodziwika lili ndi mbiri ya zaka 300. Mbiriyi ikuonetsa kuti masewero amtunduwu amene anakhalitsa ndi aja amene chiseko chake chinadutsa pa mbava n'kukafika kwa munthu wamkulu amene amadyerera kuseri kwake.

Kalipentala amene ndende inamulephera

Jack Sheppard anabadwa mu 1702 m'banja losauka ku Spitalfields. Anaphunzira ukalipentala, ndipo luso lake pa maloko ndi zitseko ndi limene linam'tchukitsa. Kuba anaba kwa nthawi yosakwana zaka ziwiri: nsalu, masupuni asiliva, katundu wa m'masitolo. Sanaphe munthu. Chimene chinazunguza London n'chakuti m'chaka chimodzi chokha cha 1724 anam'gwira kasanu, iye n'kuthawa kanayi.

Kuthawa kwake komaliza, mu Okutobala, n'kumene kunam'sandutsa nthano. Anam'tsekera m'chipinda cholimba cha pamwamba m'ndende ya Newgate, unyolo kumanja, matangadza kumiyendo, atawakhomerera pansi. Anavula unyolo uja, n'kudula matangadza pamalo amodzi, otsalawo n'kuwamangirira kumiyendo. Anakwera m'chumuni chotulukira utsi, n'kupeza chitsulo chopingasa chotchinga njira. Anachizula, ndipo chitsulo chomwecho chinakhala chida chake chothyolera zitseko 6 zokhoma, mumdima, mpaka anafika padenga. Atafika apo anaona kuti pansi n'patali. Anabwerera njira yonse ija mpaka kuchipinda chake kukatenga bulangete, n'kulimangirira kukhoma, n'kutsikira padenga la nyumba yoyandikana nayo. Anthu a m'nyumbamo ali m'tulo, iye anatsika masitepe awo n'kutulukira pakhomo.

Akanathawira kutali bwenzi atapulumuka. Koma anathyola sitolo ina ku Drury Lane, n'kuvala suti yapamwamba ndi lupanga m'chiuno, n'kumazungulira m'malo omwera mowa. Pa 1 Novembala anam'gwira ataledzera. Oyang'anira ndende anayamba kulipiritsa anthu ofuna kudzamuona, ndipo James Thornhill, wojambula zithunzi wa mfumu, anapita kukam'jambula. Ndalama pa dzina la Sheppard zinayamba kudyedwa mwini wake ali moyo.

Munthu amene anam'saka n'kum'pereka kwa oweruza anali Jonathan Wild, ndipo popanda iyeyu sewero lonse silimveka. Masana Wild anali wogwira mbava wamkulu wa London, wolemekezeka, amene anthu oberedwa ankapita ku ofesi yake kukadandaula. Iye ankawabwezera katundu wawo atalipira kangachepe. Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti mbava zambiri zinali zake. Ankazituma, kusunga katunduyo, kum'gulitsanso kwa mwini wake, ndipo mbava yomukanira ankaipereka kuti ikanyongedwe, iye n'kulandira mphoto ya boma. Nayenso ananyongedwa mu Meyi 1725.

Pa 29 Januwale 1728, John Gay anaonetsa The Beggar's Opera ku Lincoln's Inn Fields. Nthawi imeneyo olemera a ku London ankakonda opera ya Chitaliyana, yoimba za mafumu ndi milungu m'chinenero chimene ambiri sankamva. Gay anatenga maimbidwe a nyimbo 69 zodziwika kale, zambiri za m'misewu ndi m'mabawa, n'kuikamo mawu ake, ndipo m'malo mwa mafumu anaika mbava, mahule ndi oyang'anira ndende. Macheath, chigawenga chokondedwa ndi akazi, anam'umba potengera mbiri ya Sheppard. Peachum, wogula katundu wakuba amene amagulitsanso anyamata ake kwa onyonga, ndi Wild. Koma oonerera anazindikira msanga kuti Peachum yemweyo akufanananso ndi Robert Walpole, nduna yaikulu ya dziko, amene ankanenedwa za ziphuphu. Seweroli linaonetsedwa maulendo 62, chinthu chachilendo nthawi imeneyo. Lotsatira lake, lotchedwa Polly, boma linaliletsa, ndipo mu 1737 anakhazikitsa lamulo loti sewero lililonse lizipimidwa kaye ndi mkulu wa boma lisanaonetsedwe. Boma silikanavutika choncho pofuna kuteteza ulemu wa mbava.

Zaka 40 za chiletso

Dzina la Sheppard linabukanso mu 1839 pamene William Harrison Ainsworth analemba buku la moyo wake, ndipo nyumba zingapo za zisudzo zinapikisana kuliika pa nsanja. Ku Adelphi, gawo la Jack analisewera mayi, Mary Anne Keeley. Chaka chotsatira wantchito wa m'nyumba dzina lake Courvoisier anapha bwana wake, Lord William Russell, ndipo manyuzipepala analemba kuti maganizowo anawatenga m'buku lija. Kuchokera apo, kwa zaka 40, mkulu wopima zisudzo ankakana chilolezo kwa sewero lokhala ndi dzina la Jack Sheppard pamutu pake. Mantha ake ndi omwe makolo a ku Petauke ali nawo lero akaona mwana akutsanzira zigawenga za m'mafilimu a pafoni.

Chiletso chitatha, pa 26 Disembala 1885, nyumba ya Gaiety inatsegula Little Jack Sheppard, lolembedwa ndi Henry Pottinger Stephens ndi William Yardley, nyimbo zake zambiri zopekedwa ndi Meyer Lutz. Ili ndilo linali la mtundu umene Angerezi ankautcha burlesque: kutenga nkhani yodziwika ndi yolemera, n'kuitembenuza kukhala chipongwe, nthabwala zosewera ndi mawu, nyimbo ndi magule, akazi kuvala zachimuna. Nellie Farren anali Jack, ndipo wanthabwala Fred Leslie anali Jonathan Wild. Linaonetsedwa maulendo 155.

Kunena zoona, seweroli linali lopanda mano. Patapita zaka 160 chinyongedwere Sheppard, panalibe wolira wotsala, ndipo panalibenso nduna imene inkalaswa. Anthu anaseka, n'kugula mapepala a nyimbo zake, n'kupita kwawo. Lero Little Jack Sheppard limapezeka m'mabuku a mbiri ya zisudzo basi, pamene sewero la Gay likuonetsedwabe. Mu 1928 ku Berlin, Bertolt Brecht ndi Kurt Weill, mothandizidwa ndi Elisabeth Hauptmann amene anamasulira sewero la Gay, analikonzanso n'kulozetsa chala kwa eni mabanki ndi mkulu wa apolisi amene ndi bwenzi la chigawenga. Mu 1977 Wole Soyinka analibweretsa ku Africa m'dzina la Opera Wonyosi, n'kuseka Bokassa wa ku Bangui amene anadziveka ufumu, pamodzi ndi anthu amene analemera mwachinyengo ndi ndalama za mafuta ku Nigeria.

Woimba amene anamwalira ku Lusaka

Kum'mwera kwa Africa kuno, sewero loimba lalikulu lonena za munthu wopha mnzake linabadwira ku Johannesburg, mzinda umene agogo athu ambiri a ku Petauke, ku Chipata ndi ku Malawi ankautcha Joni. Ezekiel Dlamini anali katswiri wankhonya wa anthu akuda, wodzitcha King Kong, wodziwika ndi kuthamanga m'misewu atavala nsapato zolemera anthu akumutsatira. Nkhonya zitayamba kumukana anakhala mlonda wa pakhomo m'malo ovinira. Mu 1956 anabaya ndi mpeni chibwenzi chake, Maria Miya, n'kumupha. Kukhoti anapempha yekha kuti am'nyonge. Woweruza anam'patsa zaka 12 za ntchito yakalavulagaga, ndipo mu Epulo 1957 anapezeka atamira m'damu la kundende ya Leeuwkop.

Mmodzi mwa atolankhani amene anatsatira mlanduwo anali Todd Matshikiza, amenenso anali katswiri wopeka nyimbo. Iye ndiye anapeka nyimbo za King Kong, sewero limene linatsegulidwa pa 2 Febuluwale 1959 mu holo yaikulu ya yunivesite ya Witwatersrand, azungu ndi anthu akuda atakhala m'chipinda chimodzi m'dziko la tsankho. Nathan Mdledle wa gulu la Manhattan Brothers anali King Kong, Miriam Makeba anali Joyce, mwini shabini, ndipo pakati pa oliza zida panali Hugh Masekela, Jonas Gwangwa ndi Kippie Moeketsi. Anthu pafupifupi 200,000 analionera mu South Africa, ndipo mu 1961 linakafika ku London, kumene ena mwa osewerawo anatsalira osabwereranso kwawo.

King Kong silinali lachipongwe ngati la ku Gaiety, ngakhale munali kuseka ndi kuvina kochuluka. Linaonetsa dziko lonse moyo wa m'makomboni a ku Joni ndi mmene tsankho limafinyira munthu waluso mpaka kusweka. Pa chimenecho n'loyenera ulemu wake wonse. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa. Dzina la Dlamini lija linakhala mutu wa sewero, linalembedwa pa zimbale, likuimbidwabe. Mkazi amene anaphedwa anam'sintha dzina ndi mbiri, ndipo lero ochepa okha ndi amene angatchule Maria Miya. Anali ndi abale ake amene anam'lira.

Matshikiza anabwera ku Zambia mu 1964, chaka cha ufulu wathu. Anagwira ntchito pa wailesi ya dziko, kenako anapatsidwa ntchito yosonkhanitsa ndi kusunga nyimbo za makolo pansi pa nthambi yofalitsa nkhani ya boma. Anamwalira ku Lusaka mu 1968. Ana a sukulu amene amasewera kawalala pa mipikisano ya zisudzo ya NASAAZ ayenera kuuzidwa kuti munthu amene anapeka nyimbo za sewero lotchuka chotere anathera masiku ake pakati pathu, akutchera khutu ku ng'oma zathu.

Bwalo lathu silinayambe dzulo

Sitifunika kubwereka ku London luso loseka wamphamvu. Nthano za Kalulu ndi sewero loimba kale: wofotokoza amasintha mawu, ana amavomereza nyimbo, ndipo ngwazi yake ndi wakuba madzi pachitsime chimene anakana kukumba. Timam'konda Kalulu chifukwa amene amapusitsidwa ndi Njovu, Mkango ndi Fisi, eni mphamvu ndi eni dyera. Kwa anansi athu Achewa ku Katete ndi ku Sinda, Gule Wamkulu wakhala akuchita zomwezi pabwalo: Simoni wa nkhope yofiira amaseka mzungu, ndipo zilombo zina zimaseka woledzera, wachiwerewere, wadyera. Pa wailesi, Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo anaonetsa kuti munthu mmodzi, ndi pakamwa pokha, atha kudzaza mudzi wonse ndi akathyali ndi opusitsidwa. Ophunzira a pa yunivesite ya Zambia atayambitsa Chikwakwa Theatre, ankanyamuka ku Lusaka kupita m'zigawo kukachita masewero m'zinenero za eni dera. Ndipo nyimbo zilipo: mu 1961 John Blacking anabwera m'boma la Petauke kudzaphunzira kalimba wa Ansenga n'kulemba za ukatswiri wake.

Funso n'lakuti tiseke ndani. Dziko lathu lili ndi mayina amene anasanduka nthano eni ake ali moyo. Adamson Mushala anavutitsa boma la Kenneth Kaunda m'nkhalango za kumpoto chakumadzulo kuchokera pakati pa zaka za m'ma 1970 mpaka asilikali atam'pha pa 26 Novembala 1982. Anthu ankanena kuti amazimirira, kuti zipolopolo sizim'lowa, kuti amatha kudya patebulo limodzi ndi om'saka iwo osamuona. Kwa ena anali womenyera chigawo choiwalidwa, kwa ena anali wotentha midzi ndi wolanda ana a eni. Mkangano umenewo sunathe.

Pafupi ndi ife pali nkhani ya abale atatu a kwa Mailoni m'chigwa cha Luano, kumadzulo kwa boma la Nyimba. Kuchokera mu 2007 anapha anthu 12, mmodzi mwa iwo woyendetsa ndege wa Zambia Flying Doctor Service, mpaka asilikali atawawombera mu Juni 2013. Zonse zimene wolemba sewero amafuna zilimo: anthu atatu okhala ndi mikondo, mapiri, mphekesera za zithumwa, apolisi onyamula mfuti kubwerera chimanjamanja chaka ndi chaka. Ndikudziwa kuti chiyeso choisandutsa nthabwala n'chachikulu.

Ine ndikuti ayi, osati mwa njira ya ku Gaiety. Sheppard anaba nsalu, awa anapha anthu, ndipo akazi amasiye ndi ana amasiye a anthuwo ali moyo. Mabanja anasiya minda, ana anasiya sukulu chifukwa cha mantha. Kuveka mnyamata chikopa ndi mkondo n'kum'patsa nyimbo yokoma ndi gule wosangalatsa, bwalo n'kumuwombera m'manja, ndi kuchitira anthu a ku Luano zimene zinachitikira Maria Miya. Ngati gulu lina lifuna kuigwira nkhaniyi, liyambire kwa ofedwa, liwapemphe, ndipo funso la seweroli likhale lakuti zinatheka bwanji kuti chigwa chonse chikhale m'mantha zaka 6 chifukwa chosowa msewu wabwino ndi chitetezo chapafupi.

Jonathan Wild wa pa Luangwa

Pali munthu wina amene mbiri ya dera lino inatisungira, woyenera chipongwe chonse chimene tingapeke. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ku Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, kunali José de Araújo Lobo, wodziwika ndi dzina loti Matakenya. Iye ndi mnzake Kanyemba, José do Rosário Andrade, anali ndi magulu a Achikunda onyamula mfuti amene ankakwera chigwa cha Luangwa kusaka minyanga ndi akapolo. Ansenga ndi anansi awo anavutika nawo kwambiri, pa nthawi yomwe Angoni a Mpezeni ankawapanikizanso chakum'mawa. Pamene midzi inkapsa, boma la Chipwitikizi linkam'patsa Matakenya udindo ndi ulemu monga woyang'anira dera m'dzina la mfumu ya ku Lisbon.

Ameneyu ndiye Wild wathu: yunifomu ya boma pathupi, goli la akapolo kuseri kwa nyumba. Taganizani atalowa pabwalo atavala jekete la mabatani onyezimira dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, akulankhula za chitukuko ndi mtendere, kumbuyo kwake kalaliki akuwerenga minyanga ndi anthu m'buku limodzi. Amayi a chitelele akhoza kum'zungulira ndi nyimbo yom'nyoza, kalimba n'kumalira pamene agogo akutchula midzi imene inatha. Palibe mwana amene angatuluke m'sewero lotero akufuna kukhala Matakenya. Koma aliyense angatuluke akuganiza za anthu a masiku ano ofanana naye. Mnyamata woba ng'ombe ku Petauke sadya yekha ng'ombe yathunthu: pali wobwera ndi lole usiku, pali wosaina chikalata choti nyamayo ndi yabwino, pali wogulitsa m'butchala. Wosaka njovu m'nkhalango amagwidwa n'kukagwira ukaidi, wogula minyanga ali phee m'tauni. Feteleza wa alimi akasowa pa depoti, si wonyamula matumba amene amamanga nyumba yatsopano. Paja amati wakuba ndi amene wagwidwa. Masewero athu a kusukulu amathera pa kawalala wa nkhuku akukwapulidwa pamaso pa amfumu, ndipo wogula nkhukuyo saoneka n'komwe.

Kulemba sewero lotero kumafuna kulimba mtima kuposa kupaka mwana makala kumaso. Gay analetsedwa sewero lake la Polly. Soyinka anali atalawako kale ndende. Mphunzitsi wa ku Nyimba amene angaike pa nsanja wogula ng'ombe zakuba akudziwa kuti munthu wofanana naye atha kukhala pampando wa alendo olemekezeka tsiku la mpikisano. Apa m'pamene nkhani yakale imathandiza: palibe angaletse ana kuseka munthu amene anafa zaka zoposa 100 zapitazo, koma wa khutu amamva.

Inu aphunzitsi a zisudzo ndi magulu a achinyamata a ku Petauke ndi ku Nyimba, pitani kwa akuluakulu a kwa Nyalugwe, kwa Luembe, kwa Mwape, kwa Ndake ndi kwa Sandwe, mukafunse zimene makolo awo anawauza za nthawi ya Achikunda, mulembe mayina a midzi ndi a anthu amene anatengedwa. Pemphani malo pa mwambo wa Tuwimba kwa a Kalindawalo mu Okutobala, kumene Ansenga amasonkhana, mukalionetse kumeneko m'Chinsenga. Okalamba odziwa nkhanizi atsala ochepa, choncho yambani chaka chino.